Pamene Chitsulo Chikumana ndi Bango: Mmene Makolo Athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi Ankamangira Mivi



Akuluakulu adati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Ambirife mwambi umenewu timaumasulira ponena za mfumu ndi anthu ake, kapena mwana ndi abale ake, ndipo sitilakwa. Koma mwambi uliwonse usanakhale mwambi udayamba wakhala chinthu chooneka ndi maso. Munthu wina adaona nkhwangwa yonola bwino ikuguluka mumpini, nkuzindikira kuti kuthwa konse kwa chitsulo ngkwachabe ngati pogwirira pake pali pogwedera. Lero tiyeni tione chida china chimene chimaphunzitsa zomwezi moposa nkhwangwa. Chida chimenechi ndi muvi, umene agogo athu kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi ankautchula kuti mubvi.

Munthu wa masiku ano akaona muvi wakale, maso ake amathamangira kunsonga, kapena kunthenga zokongola za kumbuyo. Mlenje weniweni ankayamba wayang'ana pena, pakhosi pa muvi, pamene chitsulo chalowa m'bango. Malo amenewa satalika kuposa chala cha munthu, koma ndi pamene padagona ndiwo za banja, moyo wa mlenje mwini, ndipo m'masiku a nkhondo, moyo wa mudzi wonse. Chitsulo ndi cholimba ndi cholemera, bango ndi lofewa ndi lopepuka. Nzeru yonse ya muvi idali kugwirizanitsa ziwirizi kuti ziyende ulendo umodzi.

Luso lakale kuposa chitsulo

Kulumikiza nsonga ku mtengo sikudayambe ndi osula. Kuphanga la Sibudu, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, akatswiri ofukula zakale adapeza timiyala tosongoka ta zaka pafupifupi 64,000, tokhala ndi zizindikiro zoti tidamatidwa ku mitengo, ndipo ena mwa akatswiriwo adatsimikiza kuti tina tidali nsonga za mivi. Kuno kwathu, eni dziko oyamba adali Akafula, amene ena amawatcha Abatwa kapena Amwandionerapati. Iwo adali alenje a uta. Zojambula zawo zofiira zikuonekabe m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. M'mapanga omwewo mudafukulidwa timiyala tosema ting'onoting'ono, toti munthu sangatigwiritse ntchito ndi zala zokha. Tinkayenera kumatidwa ku mtengo ndi utomoni kuti tikhale chida.

Chitsulo chidafika m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo, pamodzi ndi anthu olima ndi oumba mbiya, amene zotsalira zawo zidapezeka ku Nkope m'mbali mwa nyanja. Nsonga idasintha, mwala nkusanduka chitsulo, koma funso lidakhala lomwe lija: kodi nsonga imeneyi ndiimange bwanji kuti isandisiye pa nthawi imene ndikuifuna?

Kuti uta udali chinthu chachikulu m'maganizo a Amalawi, chilankhulo chathu chikuchitira umboni. Mlengi timamutcha Chauta, ndipo chizindikiro chimene chimaoneka kumwamba mvula ikamakata timati utawaleza, ndiko kuti uta wa Leza. Mtundu sungatenge dzina la chida chachabechabe nkulipereka kwa Mulungu wake.

Ku ng'anjo ndi ku chipala

Ulendo wa muvi unkayambira ku ng'anjo. Achewa adali odziwika pa ntchito yoyenga chitsulo. Mpwitikizi wina, António Gamitto, amene adadutsa m'dziko la Amalawi ndi Achewa mu 1831 pochokera ku Tete kupita kwa Kazembe, adalemba za kusula kwawo ndi za mauta awo. David Livingstone naye, podutsa m'dziko la Achipeta ndi kuwoloka mtsinje wa Bua chakumapeto kwa 1866, adaona ng'anjo ndi osula ambiri m'midzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, adapempha nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu kuti ziyengenso chitsulo monga kale. Kudzera m'ntchito imeneyo tikudziwa kuti panali ng'anjo yaikulu yaitali, yokoka mpweya yokha popanda mvukuto, ndi ina yaing'ono yopemerera ndi mvukuto, imene inkayeretsa chitsulo chotuluka mu yaikulu ija. Ntchitoyi inkadya makala ambiri ndi masiku ambiri, ndipo inkayenda ndi mwambo. Woyenga ankadzisunga, osagona ndi mkazi wake, poopa kudula ng'anjo, pakuti ng'anjo ankaiyerekeza ndi mayi woyembekezera.

Chifukwa cha kuvuta kumeneku, chitsulo sichinkatayidwa. Khasu likatha, mwini wake ankapita nalo ku chipala, ndipo wosula ankatulutsamo malezala, timipeni ndi nsonga za mivi. Nchifukwa chake mlenje akaphonya nyama ankataya nthawi kufunafuna muvi wake m'udzu. Bango akadatha kudula lina kudambo mawa lake, koma chitsulo chidali chuma.

Nsonga zidalipo za mitundumitundu. Ina inkakhala yotambalala ngati tsamba, yakuthwa mbali zonse ziwiri. Imeneyi ntchito yake idali kucheka bala lalikulu kuti nyama monga gwape, mbawala kapena nguluwe itaye magazi msanga, isapite patali. Ina inkakhala ndi minga zoloza kumbuyo, kuti ikalowa isatuluke. Mbalame zokha sankazionongera chitsulo. Za izo panali mivi ya mutu wamtengo wobulungira, imene inkagwetsa mbalame osaing'amba, komanso sinkakanirira munthambi.

Koma kaya nsonga ikhale ya mtundu wanji, wosula ankaisiyira mchira wautali wowonda, umene timautcha msuka, monga momwe timatchulira wa khasu ndi wa nkhwangwa. Apa mpamene osula athu adasiyana ndi a ku Ulaya. Mivi yambiri yakale ya ku England inkasulidwa ndi kachibowo kumbuyo, mtengo nkumalowa m'chitsulo. Kwathu kuno chitsulo ndicho chinkalowa mumtengo. Njira yathuyi inkasunga chitsulo ndipo inkagwirizana ndi bango, limene Namalenga adaliboola kale m'kati. Komabe idali ndi vuto lake, limene tiliona posachedwa.

Kusankha bango

Si bango lililonse limene lingakhale muvi. Mlenje ankapita kudambo kapena kumtsinje m'chilimwe, kukasankha bango lokhwima, lowonda ngati chala chaching'ono, la khungu lochindikala. Kumapiri kumene kuli nsungwi, ena ankasankha tinsungwi tating'ono. Bango laliwisi limakhwinyata likamauma, choncho ankalimanga m'mitolo nkulisunga kutsindwi, kumene utsi wa tsiku ndi tsiku unkaliumitsa pang'onopang'ono ndi kuliteteza ku afumbwe.

Likauma ankaliwongola. Ankaliwamba pamakala, osati palawi lamoto, ndipo likafewa ankalipinda pang'ono ndi manja, kenaka nkutsinzina diso limodzi ndi kuyang'ana kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Ntchito imeneyi siyifuna munthu waphuma. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Podula bango ankawerengera mfundo zake. Kumbuyo, kamphanda kolowamo nsinga ya uta ankakasema pafupi ndi mfundo, chifukwa pamfundo ndi pamene bango lili lolimba, ndipo nsinga ikakankha silingang'ambike. Kutsogolo ankasiya mpindi wotalika mokwanira kuti msuka wonse ulowemo. Munthu wosadziwa ankangodula paliponse, ndipo muvi wake unkatha tsiku lomwelo.

Kulowetsa msuka

Tsopano tafika pachimake pa nkhani yathu. Taganizani chimene chimachitika muvi ukagunda nthiti ya nguluwe. Chitsulo chimaima mwadzidzidzi, koma bango la kumbuyo likadali paliwiro. Pamenepo msuka umasanduka mphero, ndipo umafuna kung'amba bango monga momwe munthu amawazira nkhuni. Bango likang'ambika, mphamvu yonse imathera m'kung'ambikako, nsonga silowa, ndipo nyama imathawa ndi kabala kakang'ono. Ikakhala nyama yolusa, imatembenuka nkulunjika kwa mlenje. Ili ndilo vuto la msuka, ndipo makolo adalithetsa ndi zinthu ziwiri: chomata ndi chokulunga.

Choyamba ankakulunga kukamwa kwa bango msuka usanalowe. Chokulungira chabwino koposa idali mitsempha ya nyama, yochokera kumsana kapena kumiyendo. Ankaiumitsa, kuisinja pang'ono kuti ilekane ngati ulusi, kenaka nkuinyowetsa, ena poitafuna m'kamwa. Ankakulunga ikadali yonyowa, mzere kutsatana ndi mzere, osasiya mpata. Ubwino wa mtsempha ngwakuti ukamauma umafupika, motero umadzimanga wokha mothina kuposa mmene dzanja la munthu lingamangire. Posowa mitsempha ankagwiritsa ntchito luzi lopota mowonda.

Chachiwiri ankaika phula la njuchi kapena utomoni wa mtengo m'kati mwa bango. Kenaka ankafunditsa msuka pamoto. Apa mpofunika kumvetsa. Pozika khasu mumpini timaotcha msuka mpaka kufiira kuti udziboolere njira. Ndi bango sizitero, pakuti chitsulo chofiira chingalipsereze nkulifooketsa. Msuka unkangofunika kutentha kokwanira kusungunula phula, kuti phulalo lidzaze mipata yonse pakati pa chitsulo ndi bango. Ankaulowetsa pang'onopang'ono mpaka phewa la nsonga litakhala pakamwa pa bango.

Phula lisanazizire pankabwera mayeso. Mlenje ankaimika muvi chansonga pachikhatho kapena pamtengo wosalala, nkuuzunguza ndi zala. Muvi wolowa bwino umazungulira phee, ngati waima. Wolowa mopotoka umagwedeza mutu. Ukagwedeza, ankaufunditsanso ndi kuuwongola, mpaka utakhala bwino. Chifukwa chake nchakuti nsonga yotambalala imagwira mphepo monga nthenga. Ikapendekeka ngakhale pang'ono, imautsogolera muvi kumbali, ndipo mlenje amaphonya ngakhale adalunjika bwino. Ambiri amene ankadandaula kuti awalodza kuthengo adali atadzilodza okha pakhosi pa muvi.

Akatha apo ankakulunganso kachiwiri, kuyambira pachitsulo kutsikira pabango, nkupaka phula pamwamba kuti mame ndi mvula zisafewetse mtsempha. Kenaka ankauika muvi pachala kuti aone polemera pake. Muvi wabwino umalemera chakutsogolo pang'ono, pakuti wolemera kumbuyo umatembenuka m'malere. Pomalizira ankamanga nthenga kumbuyo, za nkhanga kapena za mbalame zina zazikulu, kuti mchira uzitsata mutu.

Mwina mungaganize kuti izi nzachikale. Alenje a uta a ku America ndi a ku South Africa masiku ano amagula mivi yopangidwa kufakitale. M'kamwa mwa muvi amamatamo kachitsulo ka mazinga ndi guluu, nsonga nkumangira pamenepo ngati bawuti. Nsonga zawo zambiri zimalemera pakati pa magalamu 6 ndi 8. Komatu akamaliza kumanga amauzunguza muvi uja kuti aone ngati ukugwedeza mutu, monga momwe ankachitira agogo anu pansi pa mtengo wa msuku. Zipangizo zasintha, lamulo lake silinasinthe.

Muvi womangidwa kuti umasuke

Pali chinthu china chodabwitsa. Si mivi yonse imene inkamangidwa kuti igwire zolimba. Ina inkamangidwa dala kuti ilekane. Umboni womveka bwino wa zimenezi udalembedwa kwa abale athu Amang'anja a kuchigwa cha Shire, amene ndi mphukira ya Amalawi monga ife. M'buku lawo la mu 1865 lonena za ulendo wa pa Zambezi, David Livingstone ndi mng'ono wake Charles adafotokoza muvi wa zigawo zitatu. Chitsulo chinkamangidwa zolimba ku kamtengo kotalika masentimita 25 mpaka 30. Kumapeto kwina kwa kamtengoko ankakusongola, nkukulowetsa m'bango mokwana bwino, koma osamata, osamanga. Ulembe ankaupaka pakamtengo, m'munsi mwa chitsulo.

Nyama ikalasidwa, bango linkagwa pansi pomwepo kapena linkakoledwa ndi tchire nkutsala, koma chitsulo ndi kamtengo ka ulembe zinkapita ndi nyama. Muvi ukadakhala chinthu chimodzi, bango lalitalilo likadakodwa m'zitsamba nkuzula nsonga pamodzi ndi ulembe womwe. Komanso bango lotsalalo linkamuuza mlenje kuti walasadi, ndi kumene nyama yalowera. Alenje a mtundu wa San a ku chipululu cha Kalahari amamanga mivi yawo mwa nzeru yomweyi.

Onani tsono kuti mmisiri mmodzi yemweyo ankadziwa pomanga mothina ndi posiya momasuka, ndipo zonse ziwiri ankazichita ndi cholinga. Kholo lanzeru limateronso ndi ana ake.

Ulembe umenewu unkachokera ku mbewu za kombe, chomera choyanga m'mitengo, chimene chimakonda malo otentha. Mbiri yake idafika kutali. John Kirk, sing'anga ndi katswiri wa zomera pa ulendo wa Livingstone, adasunga mswachi wake m'thumba momwe mudali kombe. Atatsukira m'kamwa adamva kuwawa, ndipo adaona kuti mtima wake wayamba kugunda pang'onopang'ono. Mbewuzo zidatumizidwa ku Britain, kumene Thomas Fraser wa ku Edinburgh adazifufuza zaka zambiri, ndipo mu 1885 adalengeza za mankhwala a mtima otchedwa strophanthin. Asayansi mpaka lero chomerachi amachitcha Strophanthus kombe, kusunga dzina limene adalimva kwa makolo athu. Kwa zaka zambiri mbewu za kombe zidali m'gulu la katundu amene dziko la Nyasaland linkagulitsa kunja. Chimene alenje athu adachidziwa kuthengo, kuti kombe amagwira mtima, ndicho chimene madokotala adadzachiyeza nkuchisandutsa mankhwala.

Pano ndikuchenjezeni, adzukulu anga. Mukapeza muvi wakale wokhala ndi zakuda zouma pakhosi pake, musaugwire chigwiregwire, ndipo musaupereke kwa ana. Ulembe umasunga ukali wake zaka zambiri.

Pa uzimba ndi pa nkhondo

Muvi womangidwa bwino unkayesedwa pa uzimba. Dzinthu zikalowa m'nkhokwe, udzu utauma, amuna a midzi ingapo ankasonkhana ndi agalu, maukonde, nthungo, zibonga ndi mauta, atalandira chilolezo cha mwini dziko. Otsala kumudzi ankayenera kudzisunga, kuti opita kuthengo asaone ngozi. Lamulo lodziwika lidali lakuti nyama ndi ya amene wayamba kuilasa, ngakhale aitsirize ndi wina. Pachifukwa chimenechi munthu aliyense ankaudziwa muvi wake, kasulidwe kake, kakulungidwe kake ndi nthenga zake. Mkangano ukabuka, akuluakulu ankayang'ana chitsulo chimene chapezeka m'nyama. Kakulungidwe ka munthu kadali ngati siginecha yake. Ndipo amene nsonga yake idaguluka isanalowe ankabwerera kumudzi chimanjamanja, wopanda ndiwo, wopandanso chonena.

Mayeso aakulu koposa adabwera ndi nkhondo. Angoni a Zwangendaba adawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidadetsedwa. Patapita zaka, magulu ena a iwo adadzakhazikika kuno, ndipo maina a Chiwere ndi Msakambewa ku Dowa, ndi Vuso Jere ku Ntchisi, ndi mboni za mbiri imeneyo mpaka lero. Angoni ankamenya nkhondo ya pafupi, ndi nthungo ndi zishango zazikulu za chikopa cha ng'ombe. Pamtetete munthu wa uta adali pamavuto, pakuti chishango chinkalandira mivi, ndipo asanakoke kachitatu mdani adali atafika. Tsono Achewa adasamutsa bwalo la nkhondo. Adamanga malinga kuzungulira midzi, ena adakwera m'mapiri, ndipo ambiri adabisala m'nkhalango yowirira ya paphiri la Ntchisi. Kumeneko, kuseri kwa mpanda kapena kwa thanthwe, uta unkapezanso mphamvu zake, chifukwa wokwera phiri sathamanga ndipo sangabise thupi lonse.

M'masiku amenewo mwambi wakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso sudali fanizo chabe. Udali malangizo enieni kwa mnyamata woima palinga: ukauona ukubwera, usaime nkumausirira, lewa. Lero timaugwiritsa ntchito pochenjeza munthu amene akuliona vuto likudza, kaya matenda, ngongole kapena mkangano wa m'banja, koma wangokhala manja lende.

Tikamakamba zimenezi tisadzutse chidani. Achewa ndi Angoni a ku Dowa ndi ku Ntchisi adakwatirana kalekale, ndipo ambiri a inu muli ndi magazi a wolasa ndi a wogwira chishango yemwe.

Mmene uta udapachikidwira

Uta sudathe tsiku limodzi. Choyamba kudabwera mfuti za gogodela, zimene zinkalowa kudzera kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi kwa amalonda ena a minyanga ndi akapolo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi amene adalemba Mbiri ya Achewa, adalembanso za moyo wa Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, imene idatchuka posaka njovu ndi mfuti. Mnyamata woona zimenezo sakadakhumbiranso bango.

Chachiwiri, nkhondo zidatha. Mu 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok adatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere, mu 1891 dziko lidalowa m'manja mwa Britain, ndipo mu 1894 Robert Blake adayamba ntchito ku Kongwe. Anthu adatsika m'mapiri, malinga adagwa, ana adayamba kupita kusukulu, ndipo anyamata adayamba kupita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama za msonkho.

Chachitatu, boma la atsamunda lidakhazikitsa malamulo a nyama kuyambira mu 1897, ndipo malamulo otsatira adapanikiza kwambiri kasakidwe ka eni dziko. Chachinayi, makasu a m'sitolo adatchipa, ndipo pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zidazima. Osula adatsala, koma adayamba kusula zitsulo zakutha zochokera kunja. Chotsiriza, anthu adachuluka, thengo lidasanduka minda ya chimanga, fodya ndi mtedza, nyama nkutha.

Lero kusaka kuli pansi pa lamulo la malo osungira nyama ndi zachilengedwe la mu 1992, limene lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka akupha nyama zotetezedwa angathe kukhala kundende zaka zambiri. Nkhalango ya Nkhotakota, imene yachita malire ndi Ntchisi, idalandira njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, chifukwa zake zidali zitatsala pang'ono kutha. Choncho pasapezeke mdzukulu wonena kuti agogo atituma kuthengo. Nyama zatsalazi nzoti adzukulu anu adzazione ndi maso.

Chimene tiyenera kusunga

Nanga bwanji tikuvutika kukamba za chida chimene ntchito yake idatha? Chifukwa luso limafa mosiyana ndi chida. Chitsulo cha muvi chingathe kukhala m'nthaka zaka mazana ambiri, wofukula nkudzachipeza. Koma bango limaola, mtsempha umadyedwa ndi chiswe, phula limasungunuka. Chimene chimayamba kutayika ndi pokumanira paja, pamene padali nzeru zonse. Mdzukulu wa mawa adzaona kachitsulo kadzimbiri m'kabati ya galasi, nkuganiza kuti makolo ake ankangosomeka chitsulo kumtengo. Sadzadziwa za mfundo ya bango, za mtsempha wonyowa, za kuzunguza pachikhatho, kapena za muvi womangidwa kuti umasuke.

M'midzi ya kwa Dzoole, kwa Kayembe, kwa Nthondo, kwa Kasakula ndi kwina konse mukadali nkhalamba zochepa zimene zidaona ntchito imeneyi ndi maso, ndipo zina zidaigwira ndi manja. Mukapita kumudzi patchuthi, khalani nazo pansi. Funsani maina a zigawo za muvi monga ankatchulira kwanuko, pakuti mudzi ndi mudzi udali ndi katchulidwe kake. Funsani mtengo umene ankasemera uta, ndi utomoni umene ankaukhulupirira. Lembani m'kope, kapena jambulani ndi foni zanuzo. Mukapeza uta kapena phodo kutsindwi kwa nyumba ya malemu, musazitaye kudzala, ndipo musagulitse nsonga zake kwa ogula zitsulo zakutha. Zisungeni pouma, kutali ndi ana, kapena kazipereke kwa osunga zakale. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene adawamva.

Ndipo pamene mukusunga chidacho, sungani ndi phunziro lake. Ena a inu Mulungu adakupatsani nzeru zakuthwa ngati chitsulo, ndipo mwafika nazo ku mayunivesite ndi ku maiko akutali. Ena ndinu bango, ofatsa, osatchuka, koma onyamula anzanu. Chitsulo pachokha sichiuluka, bango palokha sililasa. Banja, mudzi ndi dziko zimalimba kapena kugwa pamalo pamene awiriwa akumana, ndipo malo amenewo amafuna munthu wodekha woti awakulunge mzere ndi mzere, nkuwayesa phula lisanazizire.

Ulendo wina tidzakamba za mvukuto ndi miyambi ya ku chipala. Khalani bwino nonse, ndipo mupereke moni kwa makolo anu.

Ndatha ine agogo anu.